Maluwa Aatali pa Tebulo la Makolo

Bambo Riboni, katswiri wokongoletsa maukwati, anali ndi lamulo limodzi lomwe ankati analitola m'mahotela akunja: maluwa a patebulo asatalike kuposa chigongono, kuti alendo azionana.

Koma mwana wa mchemwali wawo, yemwe ankakwatiwa Loweruka, anafika kushopu ali ndwii.

"Malume, amayi ndi ababa adzakhala tebulo limodzi. Chilekanirane sanakumanepo osatukwanana. Akangoyang'anizana, ukwati wanga wathera pompo."

"Iwe, ine ndakongoletsapo maholo oti ukaima kukhomo, kutsogolo sukuonako. Anthu awiri okha andikanike?"

Anatenga botolo lalikulu n'kulikulunga chingwe. Anasomekamo maluwa a mapepala, udzu wouma ndi nthenga, mpaka chinthucho chinaima ngati chitsamba. Lamulo lija analiiwalako dala, n'kuchikhazika pakati penipeni pa tebulo la makolo.

Tsikulo amayi a mkwatibwi anadyera mbali iyi, abambo mbali inayo, aliyense akungoona maluwa. Phwando linatha popanda wokweza mawu.

Potuluka, amayi aja anakoka mchimwene wawoyo jekete.

"Achimwene, chitsamba chanu chija n'chonyansa zedi. Koma musachitaye. Akamadzakwatiwa mwana wanga wamng'onoyu, mudzawonjezere nthenga."