Dzina Langa Likadali Pantchito

Ndikamva munthu akuti makina sanama, magazi amandiwira. Inde sanama, koma amabwereza zimene anatola kwa anthu amantha ngati ine.

Ndine Dalisay Macaraeg. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkalondera makompyuta a kampani ina yotumiza katundu pa sitima, konkuno mumzinda wa Pasig. Tinalipo asanu ndi atatu. Munthu akalowa mu akaunti mokayikitsa, chenjezo linkafika kwa ife, ife n'kugamula: wakuba, kapena palibe vuto. Pantchito imeneyi chuma chako ndi dzina. Likada kamodzi, palibe kampani ingakulembenso.

Akaunti yotopetsa inali ya Bwana Villaflor, mkulu wa kampani. Pasiwedi yawo ankaidziwa mlembi wawo, akazi awo, mpaka mlamu wawo wa kutali ku chilumba cha Cebu. Inkatseguka malo atatu nthawi imodzi! Tsiku lina ndinaitseka. Bwanawo anandipeza pakhonde ndikudya pansiti, manudulo okazinga akwathu, ndi Kuya Efren, mnzanga waimvi amene anandiphunzitsa ntchito (kwathu kuno Kuya ndi achimwene).

"Iwe Dalisay, kampani ino ndi ya abambo ako?"

"Ayi bwana, kungoti..."

"Ukaona dzina langa uzilemba kuti palibe vuto. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Bwana sumuuza kuti alembe papepala zimene wakulamula, ndi mwano umenewo. Ndinangomvera, chaka ndi chaka.

Chaka chatha kunabwera Bambo Ocampo, wamalonda wa suti yothina, kudzatsatsa makina a nzeru zochita kupanga. Akuti makinawo sadwala, satopa, sapita kumaliro. Kampani inapatsa makinawo zigamulo zathu zonse zakale kuti aphunzirepo ntchito. Ataphunzira, anzathu asanu ndi mmodzi anauzidwa kuti zikomo, pitani bwino. Tinatsala awiri.

"Taphunzitsa mlendo kuphika, watilanda khitchini," anatero Kuya Efren, akuseka chiseko chopanda mano.

Kuyambira pamenepo makina ndiwo ankagamula. Kwa ife kunkangofika zimene awo akayikira.

Lachiwiri lina masana, dzuwa likuswa mtengo, akuba analowa ndi pasiwedi ya Bwana Villaflor. Anakokolola mayina onse a makasitomala n'kutseka makompyuta athu. Makina anali zii. Kwa ife sikunafike chenjezo ndi limodzi lomwe.

Pamsonkhano, Bambo Ocampo anafunsa makinawo pamaso pa onse chifukwa chake analola akubawo. Yankho linatuluka pakhoma ndi zilembo zazikulu: anatsatira zigamulo mazana anayi za Dalisay Macaraeg, zonena kuti akauntiyi ikatseguka kwina palibe vuto.

"Mwaonatu," anatero Ocampo akutambasula manja. "Makina sanalakwe. Mphunzitsi wake ndiye."

Ndinaimirira mwaukali.

"Bwana, si inu munandilamula?"

"Ine?" Bwana Villaflor anavula magalasi. "Tandionetsa pamene ndinalemba."

"Kuya Efren, munalipo pakhonde paja. Lankhulani!"

Kuya Efren anayang'ana nsapato zake. Mwana wake wamkazi ali ku yunivesite ndipo fizi ikudalira ntchitoyi, ndikudziwa. Koma zinandipweteka kuposa bodza la bwana.

"Ndakalamba ine, mlongo wanga," anatero chapansipansi. "Sindikumbuka bwino."

Kalata yanga inati ndachotsedwa chifukwa chonyalanyaza ntchito. Tsiku lomwelo bwana anasainira makina ena okulirapo kwa Ocampo yemweyo, ati pofuna kuchepetsa zolakwa za anthu. Asa! Ndafunsira ntchito malo khumi ndi anayi. Onse amayamba aimbira foni kumene ndinachoka, kenako chete.

Sabata yatha Kuya Efren ananditumizira chithunzi pafoni, opanda moni, opanda mawu. Bwana asintha pasiwedi, koma apatsanso mlamu wawo. Akaunti inali yotseguka ku Pasig ndi ku Cebu nthawi imodzi, ndipo pansi pake makina analemba: "Palibe vuto, malinga ndi Dalisay Macaraeg."

Ine anandithamangitsa, ndili pakhomo chabe. Dzina langa ndiye likadali pantchito, likutsegulira akuba chitseko.