Mawu a Achemwali mu Nyimbo Yachinayi

Sabata yathunthu inatha achemwali osamuyankhula. Ankangopalasa makina awo osokera, nkhope ili gwaa. Mlongo wawoyo, woimba hipihopu amene anthu ankamutcha Phokoso, anali atatopa kale. Miyezi khumi anaithera m'kachipinda kotentha, kokhomedwa matiresi akale m'makoma, akukonza chimbale chachilendo. M'malo mwa ng'oma anaikamo kulira kwa ndowa pampopi, nyundo ya wowotcherera zitsulo, ndi madandaulo a anthu pamzere wa kuchipatala.

Vuto linali nyimbo yachinayi. Munali mawu a achemwaliwo, amene anawajambula mobisa akufotokoza mmene abwana anawachotsera ntchito atangoona kuti ndi oyembekezera.

"Komatu ndikumenyera nkhondo inu nomwe," anatero Phokoso.

"Ndinakutuma?" anayankha osadzutsa mutu. "Ndinkauza mlongo wanga ine, osati dziko."

Mayi a nyumba yoyandikana, amene ankagwira ntchito kuwailesi, anamupeza pakhonde atagwira tsaya. Anawafotokozera zonse.

"Mwanawe," anatero mayiwo, "mawu ali ndi mwini wake. Cholinga chikome bwanji, umayamba wapempha. Umuuze munthuyo kumene mawuwo akamveke, amve yekha zimene wajambula, avomere polemba. Akakana, wakana. Ife kuwailesi chopanda chilolezo sitiulutsa."

"Anthu amene ndinawajambula alipo khumi ndi anayi, mayi! Ena sindidziwa n'komwe kumene amakhala."

"Miyendo uli nayo."

Anayenda masabata atatu, nsapato mpaka kutha chidendene. Wowotcherera uja anaseka: "Nyundo yangayi itchuke ine mwini ndisanatchuke?" Anasaina. Koma anthu awiri anakana, ndipo Phokoso anafufuta nyimbo imene munali mawu awo, yomwe ankaikonda kuposa zonse. Mtima unamuwawa.

Kwa achemwali anapita pomaliza, n'kupepesa. Iwo anamvetsera nyimbo yonse.

"Chotsamo dzina la mwana wanga," anatero. "Zinazo ndinenanso ndekha bwinobwino, osati molira muja."

Chimbale chitatuluka chinamveka paliponse, pawailesi ndi m'maminibasi momwe. Amayi ambiri anaimba foni kunena kuti zomwezo zinawachitikira, ndipo bungwe loona za ufulu wa apantchito linayamba kutsatira nkhani zawo. Palibe amene anadandaula kuti waululidwa, chifukwa aliyense womveka mmenemo anavomera yekha.

Nkhani ya munthu ndi yake. Musanajambule kapena kufalitsa mawu ake, chithunzi chake kapena mavuto ake, pemphani chilolezo, ndipo lemekezani yankho lake.