Mchere wa M'zitumbuwa za Hanifa

Lettie anali atakhala pakhonde la nyumba yake ya lendi ku Nsungwi, akungoyang'ana pansi, pamene Hanifa wa khomo loyandikana anatulukira ndi mbale m'manja.

Panali patatha sabata ziwiri chiikireni maliro a mwamuna wake Enerst, yemwe ankagwira ntchito ya fodya ku Kanengo. Chichokereni achibale, pakamwa pa Lettie pankangodutsa madzi ndi tiyi. Mkaka unayamba kuuma, ndipo khanda lake, Thoko, linkalira mpaka mawu kusasa. Amayi akumpingo anamunyengerera, ena mpaka kumukalipira, koma ayi ndithu. Iye ankaona ngati kumva kukoma kwa chakudya n'kumutaya Enerst kachiwiri.

"Amake Thoko, ndipulumutseni!" anatero Hanifa. "Amuna anga a Bwanali abwera ndi tchizi kuchokera m'tauni, akuti ndiike m'zitumbuwa, alendo ayambire zimenezi pomasula kusala madzulo ano. Tchizi ine ndinamudziwira kuti? Ndamupala, ndasakaniza ndi mgaiwa, dzira ndi anyezi, ndakazinga. Koma ndi Ramazani ino, sindingalawe. Mukufuna ndichite manyazi pamaso pa apongozi?"

"Njala ndilibe, anzanga."

"Wanena za njala ndani? Ine ndikufunsa za mchere."

Akanakana bwanji? Mayi ameneyu ndi amene ankamutungira madzi masiku onse a maliro. Lettie ananyema kachidutswa. Kunja kunali kouma bwino, m'kati mofewa, tchizi akutamuka ngati ulimbo. Anatafuna, kenako n'kumeza.

"Mchere wachepa pang'ono."

Hanifa anathamangira kumbaula yake, nabwera ndi china chotentha. "Nanga ichi?" Chitatha chimenecho anadandaula za mafuta, kuti mwina alowerera. China akuti chikuoneka chosapsa m'kati, china akuti chapserera. Mayi wodandaula ngati ameneyu sanaonekepo mu Nsungwi yonse!

Atameza chachisanu, Lettie anadzutsa mutu. Chitini cha mchere chinali pawindo la Hanifa, chotseka, kutali ndi mbaula.

"Amake Yasir, mcherewo simunawonjezeretu."

Hanifa anaseka, milomo ili gwaa ndi ludzu la Okutobala. "Zaka makumi awiri ndikuphika pa Ramazani, munamvapo kuti ndalawitsa munthu? Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mayi. Mwana uja akulirira bere, osati misozi yanu."

Lettie anagwira kukamwa. Munthu wosadya chiyambire mbandakucha, kuima pamoto dzuwa lili pamutu, kununkhiza mafuta n'kumameza malovu, zonsezo chifukwa cha iye! Misozi inatsika, koma sinali yowawa ngati ya masiku onse aja.

"Zikomo, achemwali anga. Ndilibe mawu. Mulungu akudalitseni."

"Mulungu adalitse tchizi, wandipatsa ponamizira," anatero Hanifa, akubwerera kuchiwaya chake.

M'nyumba Thoko anadzuka n'kuyamba kulira. Lettie anakamutenga, namuika pamiyendo. M'mbale munali mutatsala chitumbuwa chimodzi, ndipo panalibenso womufunsa za mchere. Anatambasula dzanja yekha.