Tsiku limene a Kamwendo anabwezeredwa pa ntchito

A Nathan Kamwendo anali munthu woona zabwino pa chilichonse. Magetsi akazima ankati maso apumule. Mvula ya ku Mzuzu ikawaza sabata yathunthu ankati mitengo ikumwa. Choncho pamene kampani yawo, yogulitsa masola ndi makala opangidwa ndi utuchi, inalengeza kuti antchito ena ayesere kugwirira ntchito kunyumba, iwo ndiwo anayamba kukweza mkono.

Zinawagwera bwino. Akazi awo, Angella, anali atangoyamba maphunziro a unamwino pa yunivesite, ndipo mwana wawo Mwawi anali asanayambe kuyenda. Angella ankalawira ndi mabuku ake. A Kamwendo ankatsala ndi laputopu, mwana, ndi timitengo timene anadzala kuseri kwa nyumba yawo ku Kaning'ina, kufupi ndi pamene nkhalango imayambira. Koma bwana wawo, Mayi Marjorie Msiska, ananeneratu kuti n'kongoyesera. Kumapeto kwa mwezi kudzakhala msonkhano wa pa intaneti, woonana nkhope, ndipo a Kamwendo adzayenera kusonyeza kuti pakhomo ndi malo abata oti munthu n'kugwirirapo ntchito. Akalephera abwerera ku ofesi m'tauni, ndipo wotsala ndi Mwawi adzakhala Angella, sukulu yake n'kuima.

Chimene a Kamwendo sanachiganizire ndi maso a anthu. M'dera limenelo mwamuna wapantchito amaoneka m'mawa, nsapato kuphazi, akutsika ndi njira. Mwamuna amene dzuwa lakwera iye ali pa chingwe kuyanika matewera, mwana kumsana, nkhani yake ndi imodzi basi.

Woyamba kuona anali Nyagondwe, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amenenso ankatsogolera amayi a mpingo m'deralo.

"Mwawuka uli, adada a Mwawi?" anafunsa ali kuseri kwa mpanda.

"Tawuka makola, amama," anayankha a Kamwendo ndi Chitumbuka chawo chonunkha Dedza.

"Lero simupita?"

"Ndafika kale, amama. Ofesi ndi pompano. Masiku ano ntchito imamutsatira munthu. Utsi wa magalimoto uchepa, misewu ipuma, ana adziwa nkhope za abambo awo. Dziko likulowera kwabwino."

Nyagondwe anawayang'ana kuyambira pa tayi mpaka pa patapata, pakuti a Kamwendo ankavala zaulemu kumtunda kokha, kumene kamera imaona. Anapukusa mutu pang'ono n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kupezeka pakhonde. Lero phava la nthochi, mawa paketi ya shuga, mkuja sopo wokulungidwa m'nyuzipepala. Bambo wina wa mumpingo anaima pa geti n'kuwanong'oneza kuti pa nyumba zogona ana a yunivesite zimene zikumangidwa kumunsiko akufuna mlonda, ndipo ulonda si manyazi.

"Angella," anatero a Kamwendo madzulo ena, "anthu amanama kuti m'tauni mulibe ubale. Taona shuga uyu."

"Kodi munawafotokozera bwinobwino za ntchito yanuyi?"

"Zonse. Mpaka za utsi."

"Ndiye vuto lake limenelo," anatero Angella, n'kubwerera ku buku lake.

Tsiku la msonkhano linafika. A Kamwendo anagoneka Mwawi, anasesa pabalaza, anakonza tayi. Pa laputopu panaoneka Mayi Msiska ali pa desiki yawo, ndi timitu ta antchito ena m'timabokosi m'mbali.

"Bwana," anayamba a Kamwendo, "ndisanalankhule za malonda a mwezi uno, ndikupempha kuti tonse tikhale chete pang'ono, mumve bata la pakhomo pano."

Onse anakhala chete. Ndipo m'batamo munamveka nyimbo. Inachokera ku geti, yoimbidwa pang'onopang'ono, ya mtundu umene amaimba pakhomo pamene pagwa zovuta. Inadutsa pa chingwe cha matewera, inakwera khonde, n'kuima pa chitseko.

"Odi."

Anali amayi a mpingo, mabulauzi oyera, mipango yoyera, beseni la ufa pamutu pa mmodzi. Patsogolo panali Nyagondwe. Anthu obwera kudzapepesa sabwezedwa pa chitseko, ndipo a Kamwendo analeredwa bwino. Anangoyesa kunong'ona.

"Amama, pepani, ndili pa msonkhano."

"Tikudziwa, adada," anatero Nyagondwe mwachifundo. "Amuna anga atawachotsa ntchito ku kampani ya matabwa, nawonso anakhala pa msonkhano miyezi ingapo. Tayi yake ngati yomweyi."

Amayiwo anavula nsapato, analowa, anakhala pansi n'kutambasula miyendo mpaka pabalaza panadzaza. M'chipwirikiti chofuna mkeka, a Kamwendo anaiwala kutseka mawu a laputopu. Nyagondwe anati tiyeni tipemphere, ndipo munthu sangayende kukagwira makina anthu atatsinzina.

Pempherolo linali lalitali ndi ladongosolo. Linayamba ndi Mwawi, linadzera kwa Angella ndi mayeso ake, linafika pa a Kamwendo, mwamuna amene manyazi amuveka tayi popanda kopita. Kenaka linakhotera m'tauni.

"Ndipo tikupereka m'manja mwanu bwana wamkazi uja," anatero Nyagondwe, "amene mtima wake wauma ngati chitsa. Muufewetse, Ambuye. Ngati ali ndi ana, mumukumbutse. Ngati alibe, mumupatse, kuti adziwe."

"Amen," anavomera amayi onse.

"Amen," inatero laputopu. "A Kamwendo, bwana wa chitsayo ndi ndani?"

Nyagondwe anatsegula maso, anasuzumira pa tebulo, n'kuona nkhope ya mayi wa magalasi ikumuyang'ana. Sanachite mantha. Anakwawa ndi mawondo mpaka pa tebulo, anakonza mpango, anaomba m'manja mwaulemu.

"Monire, amama bwana. Mulungu wayankha msanga. Ife tabwera kudzakupemphani: mukhululukireni munthuyu. Samwa. Sayenda usiku. Matewera amachapa kuposa ena a ife tili muno. Wadzala mitengo kuseriku, amaithirira ngati ana. Ngati analakwa, ndi ubwana."

"Amama," anatero Mayi Msiska, "a Kamwendo sitinawachotse ntchito."

"Nanga ali pakhomo bwanji?"

"Akugwirira ntchito pakhomo. Ndi kachitidwe katsopano."

"Yewo. Nanga inuyo muli kuti?"

Mayi Msiska anazengereza. "Ku ofesi."

Amayi aja anayang'anana. Wina kumbuyo anati, "Mwamva nokha."

A Kamwendo anayesa kulowererapo. Anayamba za utsi, za misewu, za mayiko ena kumene maofesi asanduka minda ya maluwa. Mayi wa beseni anawagwira pa bondo kuti akhale chete, akuluakulu akuwalankhulira.

Tsono Mayi Msiska anali mwana wa mu Mzuzu momwemo, ndipo mayi awo omwe ankavala bulauzi yoyera. Ankadziwa kuti pali makhoti ena amene munthu sapambanako. Anavula magalasi, anapukuta m'maso, anakhosomola.

"Chabwino, amama. Ndamva. A Kamwendo abwezeredwa pa ntchito kuyambira mawa."

Nthungululu zinagwedeza malata. Mwawi anadzuka n'kuyamba kulira kuchipinda, ndipo mayi wina anakamutenga n'kumuvinitsa patsogolo pa kamera. Antchito a m'timabokosi aja ena anali atagwa pa mipando. Nyagondwe anathokoza chomene, n'kulamula kuti popeza tsopano bambo ndi mayi onse azichoka m'mawa, mwana azitsala kwa iye. Ufa anausiya, akuti malipiro oyamba amachedwa.

Atatuluka onse, a Kamwendo anakhala pa mpando ngati munthu wonyowa ndi mvula. Bwana anali adakalipo.

"Bata lanu ndalimva," anatero Mayi Msiska.

"Bwana, komabe tikaliyang'ana bwino, zasonyeza kuti anthu amakondana."

"Musandiphunzitse, ine ndine chitsa. Mvetserani. Ntchito yanu ya mwezi uno ndi yabwino, sindikana. Pitirizani pakhomo. Koma ndalonjeza amayi aja, ndipo sindikufuna kulowanso m'pemphero lawo. Mawa akuoneni mukunyamuka. Kumene mukathere ndi nkhani yanu."

M'mawa mwake a Kamwendo anavala nsapato, zimene zinali zitayamba kuwaiwala. Anapereka Mwawi kwa Nyagondwe, ananyamula chikwama, anatsika ndi njira akubayibitsa uku ndi uku. Amayi otunga madzi anawayamikira. Atafika pa golosale anakhota, anakwera kanjira kodutsa m'mphepete mwa nkhalango, n'kutulukira kuseri kwa nyumba yawo. Timitengo tawo tinali tongofika m'chiuno, choncho anadutsapo chowerama, chikwama pachifuwa, mame akunyowetsa thalauzi.

"Zaka zikubwerazi," anadziuza, "mitengo imeneyi idzabisa munthu woimirira. N'chifukwa chake timadzala."

Analowera khomo la kukhitchini. Kwa nthawi yoyamba anagwira ntchito ndi manja onse awiri. Kuseri kwa mpanda ankamva Mwawi akuseka, ndipo chifuwa chitawagwira anakhosomolera mu pilo.

Masana, pa zenera la kuseri panagogoda munthu. A Kamwendo anapita pa zenerapo monyang'ama. Atakweza katani pang'ono anaona mbale ya mbatata yophika, ndi dzanja la Nyagondwe.

"Adada a Mwawi, ku ofesi kuli bwanji?"

"Kuli bwino, amama," ananong'ona.

"Tawonga. Bwana wanu anandiimbira dzulo, n'kundifotokozera bwinobwino. Inu mumachulutsa za utsi." Anakankhira mbale mkati. "Koma poweruka mudzere kutsogolo. Amayi anzanga anasala kudya chifukwa cha inu, sindingawauze kuti njala ija inali ya chabe."

A Kamwendo anadya mbatata yonse. Dzuwa litapendeka anatseka laputopu, anavalanso nsapato, anawerama pakati pa timitengo tawo, n'kuyamba ulendo wobwerera kunyumba.