Dramu la Buluu la Ba Mainess

Chaka chomwe mafakitale anatseka ndipo malaiti ankazima tsiku lonse, mpopi wa pa kiyosiki yogulitsira madzi m'komboni ya George unkangotulutsa mphepo. Madzi akabwera, aliyense ankatunga ochuluka ndi kusunga. Ba Whyson, amene ntchito inawathera, anatola dramu la buluu ku Chunga, pafupi ndi dzala lalikulu, nabwera nalo kwa akazi awo ba Mainess, omwe anali ndi khanda lotchedwa Nsama.

Ba Mainess analitsuka katatu, nalidzaza. Ife amayi a chigwirizano cha mpingo tinkapita kukaliona. M'madramu athu munkasambira tiana ta udzudzu, koma m'menemo munalibe kanthu kamoyo. Ntchentche ikatera pamadziwo inkamira pomwepo. Ukatunga, pamwamba pankabwera thovu loyera popanda sopo.

“Imwe, manzi yanu ni yodalitsika,” anatero ba Ennie, mtsogoleri wathu. “Olo udzudzu uyopa!”

Tinaseka, tinayamika Mulungu. Ba Mainess, pokumbukira kolera, ankathirabe kolorini, ndipo madzi a phala la Nsama ankawawiritsa nthawi yaitali pa mbaula mpaka atatsala theka la poto. Chinali chikondi chokhachokha.

Tsiku lina kunabwera Christine, mwana wa ba Ennie, amene amapima madzi ku yunivesite. Anayang'ana thovu lija osaseka. Anatunga m'kabotolo, napita. Atabwerako patapita masabata, anakhala pa mpando wa pakhonde, manja ali pamaondo.

“Ba Mainess, mu dramu umu munali mankhwala yozimira moto. Siyaola. Yangena mu pulasitiki, yatuluka pang'ono pang'ono.”

“Koma nimagadutsa maningi, mwana wanga,” anatero ba Mainess, kunena za kuwiritsa kwa nthawi yaitali kuja.

“Moto upaya tuzilombo chabe. Manzi yakachoka na nthunzi, mankhwala yasala mu poto, yachuluka.”

Ba Mainess anayang'ana poto uja, wakuda ndi utsi wa miyezi yonseyo, kenako Nsama amene ankayamwa chala kumsana kwawo.

“Nanga mu thupi?” anafunsa.

“Yankhala zaka. Mupite naye ku kiliniki, bamuone. Kuyamwitsa musaleke. Chamene tingachite manje ni kuti asamwe yenangu.”

Christine anawaonetsa sefa ya zidebe ziwiri, yodzaza ndi makala osalala okonzedwa mwapadera, osati a pa mbaula. Makalawo amagwira mankhwalawo, anatero, koma akakhuta ayenera kusinthidwa. Ine ndinakumbukira madzi owawa a m'chipululu a m'mawu a Mulungu, amene anachira ataponyamo mtengo, ndipo makala nawonso ndi mtengo. Ndinayambitsa nyimbo ya chitonthozo, koma mawu athu anamveka opyapyala pambali pa dramu lija.

Ba Whyson analigubuduza kukalitaya kumsewu. Asanabwerere, mayi wina wa nyumba yachitatu anali atalikumbatira kale kuti alitenge, mwana wake ali kumsana. Ba Mainess anathamanga ndi khasu. Analitema pansi, m'mbali, pansi kachiwiri, mpaka mayiyo anabwerera m'mbuyo akutukwana.

Madzi otsala anayenderera m'fumbi. M'mawa mwake, ba Mainess atabereka Nsama kupita ku kiliniki, thovu linali lidakaima pomwepo, loyera mbee, ndipo nkhuku zinkalilambalala.