Mfuti Yomwe Inali Kutsindwi

Chibonga chinateranso paphewa, ndipo Tadele anagwada m'fumbi pachipata. Sanatchinge n'komwe. Magazi ochokera pachipumi anali atamutseka kale diso limodzi.

Yeshi anataya makapu a khofi n'kuthamanga. Linali tsiku lachitatu chiikireni bambo ake, a Alemneh, ndipo tenti ya maliro inali yodzaza. Anthu anatuluka onse, koma panalibe wogwira mkono wa mchimwene wake, Demeke.

"Mwana wa fisi iwe!" anakuwa Demeke. "Wabwera kudzaona ngati tatsiriza kulira?"

"Ndatumidwa," anatero Tadele akulavula magazi. "Ababa aliza belu kutchalitchi cha Mikayeli Woyera. Ali m'manja mwa ansembe. Akupempha kuti akuluakulu akhale pansi."

Bambo ake a Tadele, a Belayneh, ndi amene anatema a Alemneh ndi nkhwangwa m'khosi, dzuwa likuswa mtengo, polimbirana mwala wa m'malire umene khasu la ng'ombe linasuntha. Wokhetsa magazi akaliza belu, palibe angamukhudze mkati mwa mpanda wa tchalitchi. Koma mwana wake anali kunja kwa mpanda.

A Wubshet, mng'ono wa malemu, anadzikonza nsalu paphewa n'kuseka mopanda mano.

"Tate ali m'tchalitchi, mwana ali pano. Magazi ndi amodzi. Koma iwe Demeke, ndi ndodo? Ukukusa abulu? Kapena kunkhondo kuja unkangowaphikira anzako tiyi?"

"Ababa aang'ono, chonde," anatero Yeshi.

"Chete iwe! Bambo wanu ndi amene anakuonongani. Ng'ombe yafa: 'Mulungu ayamikike.' Matalala asasantha munda: 'Mulungu ayamikike.' Nyenyeswa ya buledi wa injera ikagwa pansi, munthu wamkulu ndevu pepeya kutola, kupsompsona, kuika pachipumi ngati watola golide. Lero kuyamikako kwamufikitsa kuti?"

Demeke anaponya chibonga pansi n'kulunjika kunyumba. Aliyense anadziwa chimene akukatenga. Kutsindwi kunali mtolo wautali wokulungidwa m'chikopa cha mbuzi, wakuda ndi utsi: mfuti ya agogo awo. Ana a m'nyumbamo anakula akuuyang'ana mtolowo chagada, osaukhudza.

"Thawa!" Yeshi ananong'oneza Tadele. Koma amuna awiri anali atamuponda kale miyendo.

Yeshi anathamangira m'nyumba n'kupeza Demeke atakwera pabokosi. Anamukumbatira mawondo n'kukoka. Onse awiri anagwa, mtolo uli pakati pawo. Demeke anamugwira tsitsi n'kumukanikizira kukhoma.

"Unalipo iwe pamene ankatsirizika. Masiku atatu wangokhala duu. Anati chiyani? Anandisiyira mawu otani?"

Yeshi anali atawabisa mawuwo chifukwa ankadziwa kuti adzawaseka. Tsikulo anapita kumunda ndi chakudya, n'kupeza bambo ake ali gone mumzere, dothi litanyowa. Anaika mutu wawo pamiyendo pake, ndipo pakamwa pake panatuluka funso lopusa: "Ababa, mukupeza bwanji?"

"Anati, 'Mulungu ayamikike. Nonse ndikukusiyani amoyo.' Basi."

Khofi la Demeke linamugwetsera pa mbiya ya madzi.

"Bodza! Ukutchinjiriza chibwenzi chako. Ukuyesa sindinalione ndimu louma lili m'bokosi mwakomu? Anakuponyera ndani pa chikondwerero cha Timketi?"

Yeshi anamva mchere wa magazi m'kamwa. Ndimulo, lomwe Tadele anamuponyera pomufunsira, analigonetsa pansi pa zovala miyezi khumi, ndipo fungo lake linali lisanathe. Pamene ankadzuka, Demeke anali atatuluka kale.

Panja anthu anafutukira kumbuyo. Akazi anagwira pamutu. Tadele anatseka diso lotsalalo, milomo ikugwedera ndi pemphero. Demeke anaimika mtolo pansi, anasolola mpeni m'chiuno, n'kudula zingwe chimodzichimodzi. Chikopa chinagwa.

Munalibe mfuti. Munali ambulera ya kutchalitchi, ija amafunditsa Likasa la Chipangano pa chikondwerero: yofiira ngati chiwindi, ya mphonje zonyezimira, yatsopano.

Wina kumbuyo anayamba kuseka, n'kusandutsa chifuwa.

"Mfuti ili kuti?" anafunsa a Wubshet. "Mlamu! Mfuti ya bambo anga ili kuti?"

Mayi Tsehaynesh, mkazi wa malemu, anatuluka m'tenti atagwirira mzati. Masaya awo anali okalikakalika ndi maliro, mawu atasasa.

"Ili pansi pa phompho, alamu. Mukaifuna katsikeni."

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Tsiku limene galimoto inakutenga kupita kunkhondo, bambo ako anakagwada pakhomo pa Mikayeli n'kuwinda. Anati, 'Mukandibwezera mwanayu wamoyo, m'nyumba mwanga simudzagonanso mfuti, ndipo ndidzabwera ndi ambulera.' Utabwera, mmawa mwake anakaitaya. Ambulerayi anaibisa m'chikopa chomwecho kuti a Wubshet asawavutitse. Ankadikira tsiku la Mikayeli. Kwatsala masiku khumi ndi awiri."

"Wamantha mpaka m'manda!" analavula a Wubshet. "Mpeni uli m'manjawo sudula?"

Demeke anaponya ambulera m'fumbi. Analumphira Tadele, kumugwira tsitsi, kum'pindira mutu kumbuyo. Mpeni unakhudza khosi, ndipo kamzere kofiira kanatsikira m'malaya.

Mayi aja sanathamange. Anangokhala pansi pomwepo, m'fumbi.

"Cheka, mwana wanga. Ukatero uthawira kuthengo, abale ake akusaka, ndipo chaka chino chisanathe tentiyi tiimikanso. Koma undiuze kaye. Patsiku la Mikayeli, ansembe akadzandifunsa pamaso pa anthu kuti ambulerayi ndi yothokozera chiyani, ndidzati chiyani? Ndidzati Mulungu anandibwezera mwana, kenako mwanayo anadzitaya yekha?"

Mitsempha ya m'khosi mwa Demeke inatupa. Anabuula ngati ng'ombe yolasidwa, n'kukweza mpeni m'mwamba. Yeshi anatseka maso.

Anamva kugunda kwa chitsulo pamtengo. Atatsegula maso, mpeni unali utazikika pa mzati wa chipata, chigwiriro chikunjenjemerabe.

"Nyamuka," anatero Demeke osamuyang'ana Tadele. "Ukawauze ansembe abwere ndi akuluakulu. Bambo ako akayankhe kubwalo. Koma ndisawaone ndi maso angawa."

Amuna aja anachotsa mapazi awo. Tadele anadzuka movutika, dzanja lili pakhosi. Anamuyang'ana Yeshi kamodzi kokha, n'kutsetsereka njira ya kutchalitchi akutsimphina. A Wubshet anatola ndodo yawo n'kutuluka osatsanzika.

Anthu anabwerera m'tenti mmodzimmodzi. Yeshi anayamba kutola makapu osweka, tsaya likuwawa. Ataweramuka anaona mchimwene wake ataima yekha pabwalo, akuyang'ana ambulera ija pamene inagwera.

Demeke anawerama n'kuitola ndi manja awiri. Anauzira fumbi pa mphonje zake pang'onopang'ono. Kenako anaipsompsona, n'kuigunditsa pachipumi.