Anamulumpha Tamiwe

Pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Madzimoyo panalibe zotchinga zoti ana azilumpha pothamanga. Zamatabwa zomwe zinalipo chiswe chinadya kalekale. Ndiye Lachiwiri, pa 14 Malichi 2023, Madamu Esther Sakala, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, anauza atsikana a Giredi 8 kuti mmodzi agwade n'kuwerama, enawo azimulumpha. Anasankha Tamiwe chifukwa ndiye anali wamfupi pa onse. Analinso waliwiro kuposa onse, ndipo Lachisanu sabata lomwelo ankayenera kukathamangira sukulu mamita 800 pampikisano wa ku Chipata.

Lachitatu m'mawa a Magalita, amake Tamiwe, anaima pakhomo la kalasi, dothi la m'munda wa mtedza lidakali kumapazi.

"Mwadzuka bwanji, Madamu?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Sindinadzuke bwino. Mwana wanga mwamulumphitsa kalasi yonse. Kodi kwanu munthu akamulumpha amakula?"

Madamu Sakala anaika choko pansi. Mwambowu ankaudziwa: wolumphidwa sakula mpaka womulumphayo atamulumphanso kubwerera komwe anachokera. Sabata ziwiri zapitazo anali ataphunzitsa kalasi yomweyi za kukula kwa thupi.

"Amayi, msinkhu umachokera ku chakudya ndi ku mtundu wa makolo. Kulumpha sikulowapo. Pepani, koma inunso simuli aatali."

"Eyatu! Ine anandilumpha mlongo wanga Alfonsi ndili kamwana, n'kupita ku Kitwe osabweranso. Ndioneni."

Kumbuyo kwa kalasi kunamveka kuseka kobisa. Madamu anafotokoza za mafupa, za nyemba ndi mazira, za atsikana amene amachedwa kukula kenako n'kupitirira anzawo. A Magalita anamvetsera zonse mwaulemu, manja ali pamimba.

"Mwalankhula bwino," anatero. "Koma asanamulumphenso, Lachisanu sakwera galimoto yanu."

A Magalita atachoka, Tamiwe anabwera patebulo. "Madamu, ingochitani. Amayi akanena, anena. Ine ndikufuna kukathamanga."

Lachinayi nthawi ya masewera, Madamu anandandalitsa atsikana pansi pa mtengo wa mango, pomwe ankayambira masiku onse. Tamiwe anawerama pakati pa bwalo. A Magalita anakhala pachulu.

"Iwe Tamiwe, lero ugunda denga ndi mutu!" anakuwa Munirah, mnzake wokhala naye desiki imodzi. "Ukakula usatiiwale ife amene tinakukoka!"

"Lumpha ukhale chete, miyendo ngati ya kakowa," anayankha Tamiwe.

Analumpha onse, mmodzimmodzi. Womaliza atangotera, Madamu anatembenukira kuchulu.

"Tatha, amayi."

"Lachiwiri munayambira kuti?"

"Pamtengo wa mango."

"Nanga lero?"

Madamu anayang'ana mtengo, anayang'ana Tamiwe, anayang'ananso mtengo.

"Ndiye mwamulumpha kawiri," anatero a Magalita. "Kubwerera palibe."

"Bwanji simunanene poyamba pomwe?"

"Mphunzitsi ndine kapena ndinu?"

Madamu anaimba wezulo mwamphamvu moti atsikana apafupi anagwira makutu. Anasamutsa mzere wonse kupita kumbali ya zimbudzi, kuti aliyense alumphe kawiri kulunjika kumtengo, ndipo pobwerera azizungulira kutali, asadutsenso pamwamba pa munthu. Dzuwa linali litakwera. Belu la masamu linalira, mphunzitsi wake n'kuima pakhonde, kuloza wotchi. Madamu anachita ngati sakumuona.

Zitatha, a Magalita sanadzuke pachulu.

"Watsala mmodzi."

"Palibe. Onse amene analipo Lachiwiri ali pano."

"Madamu," anatero Munirah, mawu ali ofewa ngati akupepesa, maso akuseka, "si inu munayamba? Munati, 'Taonani mmene ndikuchitira.'"

Zinali zoona. Lachiwiri Madamu anali atavala thalauza la masewera. Lero anali m'siketi yothina ndi nsapato zazitali chifukwa masana kunali msonkhano wa aphunzitsi. Akakana, akhala kuti wateteza zonse zomwe anaphunzitsa, koma Lachisanu mtsikana wake waliwiro adzakhala akupalira mtedza.

Anavula nsapato. A Magalita anamasula chitenje chapamwamba n'kumupatsa. Madamu anachimanga, anakwinyira siketi m'kati mwake, napita kumbali ya zimbudzi.

"Mwendo wakutsogolo uwongoke, Madamu!" anafuula atsikana, kumubwezera mawu ake omwe. "Maso kutsogolo! Musaope!"

Anathamanga, analumpha, anatera bwinobwino. Atsikana anaimba nthungululu mpaka anyamata a Giredi 9 anasuzumira pamawindo.

"Mvetserani," anatero Madamu akupuma mwawefuwefu. "Pamayeso ndikafunsa chimene chimakulitsa thupi, wolemba za kulumpha ndimupatsa ziro."

"Inde, Madamu!"

Lachisanu, pa 17 Malichi, a Magalita anamuperekeza okha mwana wawo pachipata cha sukulu, atamunyamulira chimanga chophika m'kapepala. Tamiwe anakwera lole n'kukhala pafupi ndi Munirah. Amake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anagwira Madamu pamkono.

"Mwaona? Yunifolomu yayamba kale kumuchepera."

Madamu anayang'ana. Inali yunifolomu yomwe ija, yofika pomwe inkafika Lolemba. Kenako anamenya chitseko cha lole ndi chikhatho.

"Adalaivala, tiyeni."